Bafa la a Chikosa

A Dyton atanena kuti kumapeto kwa Julaye akwera basi kubwerera kwawo ku Dedza, Eleanor anawathokoza, nawafunira ulendo wabwino. Kenako anakalowa kukhitchini n'kukhala pansi ngati munthu amene walandira uthenga wa maliro. Sikuti ankalira chinansi chokha ayi. A Dyton ndi amene ankasambitsa bambo ake.

Bambo akewo, a Chikosa, anagwidwa ndi sitiroko zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo mbali yonse ya kumanzere inafa. Kuyenda ankayenda, ndodo kudzanja lamanja, mwendo winawo ukukwekwerezeka pambuyo. Kudya ankadya okha. Chowavuta chinali chimodzi, kulowa ndi kutuluka m'bafa. Ndikati bafa musaganize kampanda ka udzu kakumudzi kaja, kapena beseni lochapira. Chinali chibafa chachitsulo, choyera mbee, chachitali moti munthu wamkulu n'kugonamo chagada. Anachigula chaka chimene anaitanitsa mkazi ndi mwana kuti awatsatire ku Joni. Amuna anayi ndi amene anachilowetsa m'nyumba yawo ya ku Soweto, ndipo anthu a mumsewu wonse anabwera kudzachiona.

Chiyambireni matendawo ankawanyamula ndi akazi awo, mayi Consolata, mpaka pamene mayiwo anatsikira kulichete m'mwezi wa Malichi. Apo ndi pamene a Dyton, mnzawo wa kumgodi kuyambira ali anyamata, anayamba kubwera kuchokera ku Mayfair, dera lina la Joni, Lachitatu ndi Loweruka lililonse. Nkhalamba ziwirizo zinkadzitsekera m'chipinda chosambiramo, panja n'kumangomveka kubuula, kunenana ndi kuseka. Tsopano nawonso a Dyton msana unali utawakana, ndipo ankafuna kukafera kwawo.

Chopweteka n'chakuti ntchito ya Eleanor inali yomweyo. Ankagwira kunyumba ina yosungirako okalamba ku Sandton, ndipo tsiku ndi tsiku ankasambitsa abambo a eni, kuwapukuta, kuwadzoza mafuta, kuwaveka matewera. Panalibe chachilendo kwa iye pa thupi la nkhalamba. Koma amenewo ndi a eni. Wokubala ndi nkhani ina. Mwana wamkazi saona maliseche a bambo ake, ndipo zimenezi Eleanor sanachite kuphunzira, anayamwira. Mayi ake ankati ukatero umachita khungu. Za khunguzo iye sankakhulupirira, koma ankadziwa chimene chimafadi. Tsiku limene adzawavule bambo ake, awiriwo sadzathanso kuyang'anana m'maso.

Ndipo analibenso wina. Zaka makumi anayi ndi chimodzi, banja linatha kalekale, mwana analibe, mayi anali atawaika m'manda a dziko la eni. Anatsala ndi bambo akewo basi, amene madzulo alionse akamva geti likulira ankafuula ali m'nyumba, kumutchula ndi mfunda wake ngati munthu wamkulu: “Ndi Nachisale wanga ameneyo?” Mawu amenewo ndiwo ankamutsitsa m'tekisi ali ndi mphamvu.

Anayesa njira zina. Amuna a kutchalitchi analonjeza ndi pakamwa podzaza, anabwera kamodzi, kachiwiri kunali mafoni osayankhidwa. Atatchula zolemba munthu waganyu, a Chikosa anati sangavulire munthu wosamudziwa kwawo. Ndiye Eleanor anayamba kuganiza za zimene ankaona ku Sandton. Kumeneko kunali mashawa okhala ndi kampando ndi zitsulo zogwira m'khoma, ndipo nkhalamba za dzanja limodzi zinkasamba zokha chitseko chili chotseka.

Anaiyamba nkhaniyo Lamulungu atabwera kutchalitchi, akumwa tiyi.

“Ababa, ndimati ndikambe nanu za kosambira.”

“Kwatani kosambira?”

“Ankolo a Dyton akupita. Ndiye ndimaganiza kuti tichotse bafa lija, tiikepo shawa. Muzingolowa ndi ndodo yanu, kukhala pakampando, kutsegula mpopi. Palibe wokunyamulani, palibe wokuonani.”

A Chikosa anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Mbali yamoyo ya nkhope yawo inauma mpaka kufanana ndi yakufayo.

“Bafa limenelo lisakhudzidwe.”

“Koma ababa, nanga azikutulutsanimo ndani?”

“Ndayankhula Chichewa kapena Chizulu? Ndati lisakhudzidwe.”

Apa ndi pamene Eleanor analakwa, ndipo ine sindimuloza chala, chifukwa ambirife tikanachita chimodzimodzi. Panatsala kafunso kamodzi kokha: chifukwa chiyani? Koma wamkulu akatseka nkhani, mwana woleredwa bwino safunsa chifukwa. Amati “chabwino ababa” n'kuchotsa makapu. Ndiwo ulemu wathuwo. Pamaso sititsutsa, timakachitira kuseri, kenako n'kumadzitama kuti tinaleredwa.

Potsuka makapuwo anadziyankha yekha. Anati mwina ndi chifukwa choti mayi ake ankasambiramo, mwinanso ndi kunyada chabe kwa munthu amene kale anthu ankabwera kudzaona katundu wake. Anati nkhalamba ndi mwana, ilira lero, mawa izolowera. Mumtima anapsanso pang'ono. Iwo akuti lisakhudzidwe, nanga wokhudza iwowo adzakhala ndani ngati si iyeyo?

Anaitana Majidu, pulambala wa ku Mangochi amene ankagwira ntchito m'nyumba za a Malawi ambiri. Majidu anadzayeza chipindacho tsiku limene a Chikosa anali kukiliniki. Anagogoda bafalo ndi chala, likulira ngati belu.

“Eish, achemwali, zitsulo zoterezi masiku ano kulibe. Ntchito yake ndi ya masiku atatu. Koma madala adziwa?”

“Adziwa,” anatero Eleanor, maso ali pa matailosi.

Masiku atatuwo anawapeza mosavuta. Anauza bambo ake kuti si bwino mnzawo wa zaka makumi asanu achoke ndi kutsanzikana kwa pageti, ndi bwino akagone ku Mayfair mpaka basi inyamuke. A Chikosa anakondwa kwambiri. Anavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa, ndipo pokwera galimoto anamuuza kuti, “Uli ndi nzeru za amako, Nachisale.” Mawuwo anamulasa, koma anamwetulira.

Galimotoyo isanakhote n'komwe, hamala ya Majidu inali itayamba kale. Bafalo linakana ngati likudziwa. Linatuluka tsiku lachiwiri, litanyamulidwa ndi amuna anayi monga linalowera, ndipo analiika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, moyang'anana ndi zipinda za anthu a lendi. Majidu anati adzauza ogula zitsulo zakale adzalitenge. Pamene linali, pansi pa fumbi la zaka zambiri, Eleanor anatolapo kachipeso kobiriwira ka mayi ake.

Kunena zoona, shawayo inatuluka bwino. Matailosi oyera, kampando kolimba, zitsulo zogwira zonyezimira. Eleanor anakhala pakampandopo atavala, nayesa kutsegula mpopi ndi dzanja limodzi, natambasula mwendo ngati wakufa kuti aone ngati malo akukwana. Anakwana. Kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mayi ake, anapuma mpweya wofika m'mimba.

A Chikosa anabwera Lachisanu masana, maso ali ofiira chifukwa chotsanzikana ndi mnzawo. Eleanor anawapatsa madzi akumwa, kenako anawatsogolera.

“Ababa, musakwiye. Tangoonani kaye.”

Anaima pakhomo la chipindacho. Matailosi sanawayang'ane, kampando sanakayang'ane. Maso awo anapita m'mwamba, pa chitsulo chobowolabowola chija chotulukira madzi, n'kukhala pomwepo. Patapita nthawi anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, monga amachitira munthu pamaso pa bwana. Kenako ngati adzidzimuka, anachivalanso, natembenuka, n'kukwekwereza mwendo wawo kupita kuchipinda. Eleanor anayembekezera mkuntho wa mawu. Akanakonda atamutukwana.

Madzulo alionse akabwera kuntchito ankayamba wasuzumira m'shawa. Pansi pouma gwa, sopo ali m'pepala lake, thaulo lili mmene analipindira. Bambo ake sankalowamo n'komwe m'chipindacho, ngakhale chimbudzi anayamba kupita cha panja cha anthu a lendi. Eleanor anawapititsira beseni la madzi otentha kuchipinda kwawo. Anasukusula kumaso, natsuka dzanja, n'kulikankha ndi ndodo.

“Ine ndili ndi bafa langa,” anatero, osakweza mawu.

Geti likalira ankaitanabe, koma mawu ake anali otopa. Pofika tsiku lakhumi fungo linali litadzaza nyumba, fungo limene Eleanor ankalidziwa bwino. Ankadziwanso chimene chimatsatira, zilonda za m'mphechepeche ndi za kumatako, zimene kwa munthu wakufa ziwalo sizipola msanga. Anachita mantha. Tsiku la khumi ndi chiwiri, pa nthawi ya nkhomaliro, anakaima kuseri kwa khitchini ya kuntchito n'kuimbira foni a Dyton ku Dedza.

“Wachotsa chiyani?” a Dyton anafunsa kawiri, ngati foni ikudukaduka. “Mwana iwe! Ndiye chimene unawatumizira kwa ine? Bwanji osandifunsa?”

“Ndimaopa kuti muwauza, ankolo.”

Kunamveka tambala akulira kutali, kenako kupuma kwa nkhalamba.

“Tamvera. Ife tinabwera ku Joni tili ndi zaka makumi awiri. Chikosa sanabwere yekha, analembedwa ulendo umodzi ndi bambo ake omubala, agogo akowo. Titafika pamalo olandirira anthu a kumgodi, anatilowetsa m'chiholo, amuna oposa zana. Wapolisi wa pamenepo, chikoti m'manja, akungoti khumula, khumula, ndiye kuti vulani. Tinavula zonse. Anatiyendetsa pamzere pansi pa mapaipi obowola, madzi ozizira akutigwera pamutu ngati ng'ombe za kudibi. Ukuimva? Patsogolo pa Chikosa pamzerepo panali bambo ake. Mnyamata anayesa kuyang'ana pansi, chikoti chinamudzutsa mutu.”

Eleanor anatsamira khoma.

“Kuchokera tsiku limenelo agogo ako sanamuyang'anenso mwana wawo m'maso. Anapempha kuti awasamutsire komboni ina. Anamwalira patapita zaka zitatu asanakhalepo pansi limodzi. Ndipo Chikosa anasamba pansi pa mapaipi amenewo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, tsiku lililonse potuluka pansi, tshetsha, tshetsha, fulumirani. Analumbira ine ndikumva kuti akadzakhala ndi nyumba yake, madzi sadzamugweranso pamutu. Adzakhala m'madzimo ngati munthu, chitseko atatseka yekha. Bafa lija si katundu, mwanawe.”

“Sanandiuzepo.”

“Akanayamba bwanji kukuuza iwe zimenezo? Nawenso sunafunse. Safunsa anadya phula.”

Eleanor sanamalize ntchito tsiku limenelo. Anapempha kwa mkulu wake, naponya foni pansi pa chikwama monga amachitira aliyense wodutsa m'tauni, n'kuthamangira tekisi. Njira yonse ankakonza mawu. Akafika agwada, apepese, aimbire Majidu kuti mawa lomwe adzalibwezeretse. Za wowanyamula adzaona pambuyo. Kunja mphepo ya Ogasiti inkawomba mwaukali, itanyamula fumbi lachikasu la m'mapiri a dothi la kumigodi, moti anthu ankayenda atatseka pakamwa.

Atakhota kulowa mumsewu wawo anaona anthu pampanda. Ana anali atakwera pakhoma, akuluakulu akusuzumira m'mipata, anyamata awiri atakweza mafoni m'mwamba. Pageti anakumana ndi Fyness, mayi wa ku Mulanje amene ankachita lendi chipinda chimodzi cha kuseri, atagwira kumutu.

“Achemwali, ndakuimbirani kasanu ndi kawiri! Agogo ali m'bafa muja.”

“Bafa liti?”

“Lapanjali. Chichokereni inu m'mawa akhala akutunga madzi ndi ketulo, kupita, kubwera, kupita, kubwera. Ndati ndikuthandizeni, akana. Anakoloweka chitenje cha amayi aja pachingwe kuti chiwatchinge. Ndiye mphepoyi yachiulutsa. Kutuluka akulephera, chiyambire cha m'ma leveni. Ndawaponyera bulangeti chafutambuyo, lagwera m'madzi. Abambo awiri a nyumba iyo anabwera kuti awanyamule, awakwapula ndi ndodo. Panopa angoti zii.”

Eleanor anatembenukira kumpanda, ndipo mawu amene anatuluka sanawadziwe kuti ndi ake.

“Hambani! Aninamahloni? Mulibe manyazi? Chokani, agalu inu!”

Ena anachoka, ena anangosuntha pang'ono. Iye anazungulira nyumba, ndipo atafika pakona anaima, nkhope ataloza kukhoma. Anaima pamenepo kanthawi kochepa chabe, koma m'kanthawiko anali adakali mwana wa a Chikosa, woleredwa bwino, amene sanaonepo chosayenera kuona. Kumbuyo kwake kunkamveka mano akugundana. Ntchito yake inali itamuphunzitsa kuti nkhalamba ikasiya kunjenjemera ndiye kuti yapita. Anatembenuka.

A Chikosa anali atakhala m'madzi ofika m'chiuno, madzi otuwa, fumbi litayandama pamwamba. Bulangeti lonyowa linali litaunjikana kumapazi. Ndodo inali pansi, patali ndi dzanja. Milomo inali itada bii, ndipo dzanja lamoyo lija linkayesa kubisa chimene dzanja limodzi silingabise. Anali ochepa thupi kuposa mmene jekete linkawaonetsera. Atamuona anatsinzina.

Eleanor naye anayesa kutsinzina, koma munthu sunganyamule mnzako m'chitsulo choterera uli chitsinzinire. Uyenera kuona pamene mwendo wakufa wakodwa, pamene ukuponda, pamene ukugwira. Anavula nsapato, naponda mwendo umodzi m'madzi ozizirawo, nalowetsa mikono m'khwapa mwawo, nawerenga mumtima mpaka katatu monga amachitira ku Sandton. Anawadzutsa. Anaona zonse, ndipo pamene mutu wawo unagwera paphewa pake, maso awo anatseguka, naona kuti waona.

Fyness anabwera chafutambuyo ndi bulangeti louma. Eleanor anawakulunga bambo ake n'kuwabereka mpaka kuchipinda. Kuchokera apo manja ake anangogwira ntchito imene amaidziwa. Anawapukuta paliponse, nadzoza mankhwala pa zilonda ziwiri zimene zinali zitayamba kale, nawaveka, nawafunditsa mabulangeti atatu, nawamwetsa tiyi wa shuga wambiri ndi supuni. Patapita ola kunjenjemera kunachepa, milomo inayamba kubwerera mtundu wake.

Pamenepo Eleanor anagwada pambali pa bedi.

“Ababa, ndalakwa. Ankolo a Dyton andiuza zonse. Ndikanafunsa. Majidu abwera mawa, alibwezeretsa pamalo pake.”

A Chikosa anali atayang'ana kukhoma. Anayankhula mofatsa, mwaulemu, ndi mawu amene ankalankhulira kukiliniki.

“Zikomo kwambiri, anesi. Mwagwira ntchito. Potuluka mutseke chitseko.”

“Ababa, ndine Eleanor.”

“Mwana wanga ali kuntchito ku Sandton. Amafika madzulo.”

Eleanor anasamalira okalamba ambiri osokonekera mutu, ndipo ankadziwa maso awo mmene amakhalira. Anaweramira kuti aone maso a bambo ake. Anali owala bwinobwino, odziwa tsiku, malo ndi munthu amene wagwada pambali pawo. Misozi inkatsikira m'khutu. Sanasokonekere. Anali atasankha njira yokhayo imene inatsala yoti mwana wawo akhale asanaone kanthu. Eleanor analira ngati pa maliro a mayi ake, koma analirira kukhitchini, chitseko atatseka monga anauzidwira.

Majidu analibwezeretsa bafalo sabata yomweyo, osafunsa funso. Matailosi atsopano aja anawaswa, kampando anakapereka kwa Fyness kuti aziikapo ndowa. Tsopano a Chikosa amasamba m'bafa lawo Lachitatu ndi Loweruka, ndipo wowanyamula ndi Eleanor. Savuta. Amakweza dzanja akauzidwa, amathokoza anesi pomaliza, nthawi zina amawafunsa ngati kwawo kuli bwino. Zilonda zinapola.

Madzulo Eleanor akatsika tekisi amatsegula geti pang'onopang'ono kuti lilire mokwanira, n'kuima kaye pamenepo chikwama chili m'manja. M'nyumba mumangomveka wailesi.